Chiphaso Cholerera Ana

A Hosiyat anayamba kusunga ana a eni ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu, pa sukulu ya mkaka ya pa munda waukulu wa thonje umene mudzi wonse unkagwirako ntchito. Sanali mphunzitsi ayi. Aphunzitsi ankavala madiresi osita n'kumaimbitsa ana nyimbo. Iwo yawo inali kutsuka tipoto, kuyanika timatiresi tonyowa padzuwa ndi kunyengerera amene akukana phala. Anagwira ntchitoyo mpaka boma lakale linagwa, munda unagawidwa, sukulu n'kutsekedwa. Chaka chisanathe anthu anali atazulako zitseko ndi mawindo, ndipo m'chipinda chimene ana ankagona masana munayamba kugona nkhosa.

Koma thonje silinaleke kupsa chifukwa choti sukulu yatsekedwa. Amayi ankapitabe kokolola, ndipo amuna atayamba kukhamukira ku Russia kukafuna ntchito, akazi ena anawatsatira. Ana anafunika kusiyidwa penapake. Woyamba anabwera naye mnansi m'mamawa wina, akuti kwa tsiku limodzi lokha. Pofika nyengo yozizira, pakhomo pa a Hosiyat pankakhala nsapato zing'onozing'ono mapeyala asanu ndi anayi. Malipiro oikika panalibe. Wina ankabweretsa mazira, wina botolo la mafuta a thonje, wina nsalu ya diresi pa Idi, ena ankangoti Mulungu akudalitseni, basi. Amuna awo, a Norkul, oyendetsa thirakitala, ankadandaula kuti m'nyumba mwawo momwe amayenda chonyang'ama kuopa kuponda mwana wa munthu, koma ndi iwo omwe anakhoma kabenchi kakafupi pansi pa mtengo wa mabulosi. Anamwalira akudandaulabe choncho.

Zinayenda motero zaka zoposa makumi awiri. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Ulmas, anakula, nayenso anapita ku Russia kukamanga nyumba za eni, ndipo anasiya pakhomo mkazi wake Dilafruz. Mtsikanayu anali ndi satifiketi ya uphunzitsi ya ku koleji ya ku tauni, koma ntchito sanaipeze. Anali waulemu, wosesa bwalo kusanache monga afunira mwambo wa mtengwa, koma phokoso la ana linkamupweteketsa mutu. Akangolowa, iye ankadzitsekera kuchipinda ndi foni yake.

Nkhani ya chiphaso inabwera ndi a Tojiniso, mnansi wa kuseri kwa mpanda, mayi wa pakamwa posatseka. Anali atamva ku msonkhano wa komiti ya m'dera kuti boma layamba kuvomereza sukulu za mkaka za m'nyumba za anthu. Wovomerezedwayo boma limamupatsa ndalama pa mutu wa mwana aliyense, za chakudya ndi za malipiro, ndipo makolo amangowonjezerapo pang'ono. A Hosiyat anayankha kuti iwo za mapepala sazidziwa, ndipo ana awo sanagonepo ndi njala.

"Mwakalamba mukupukuta matako a eni ulele," anatero a Tojiniso. "Lero boma lati likulipireni, mukuchita manyazi ngati mkwatibwi? Musiyeni wina atsegule kumsewu uko, muone ngati pakhomo pano padzatsale ngakhale mwana wa mphaka."

Mawu otsirizawo ndi amene anawalasa. Ndalama sankazikana, koma chimene chinawasowetsa mtendere ndi kuganiza za bwalo lopanda ana. Patapita sabata anavala mpango wawo wa pa ukwati wa Ulmas, nakwera minibasi ya ku tauni.

Ku ofesi anadikira pa benchi mpaka dzuwa litafika pamutu. Atalowa, anapeza kuseri kwa tebulo mayi wovala jekete yakuda, wa zaka ngati makumi anayi, ndipo anamuzindikira asanatukule n'komwe mutu. Anali Mavluda, mwana wa woyendetsa galimoto ya madzi, amene kale ku sukulu ya pa munda ija ankabisa buledi m'sokosi ndipo sankagona popanda kugwira khutu la munthu. Mtima wa a Hosiyat unakhala pansi. Anaganiza kuti nkhani yatha kale.

Mavluda anawalandira bwino, anaimirira, anawafunsa za thanzi ndi za Ulmas, anawathirira tiyi. Kenako anatulutsa fomu n'kufunsa satifiketi ya maphunziro olerera ana.

"Satifiketi yanga ndi iweyo," anatero a Hosiyat akuseka. "Khutu langa ili linatalika ndi dzanja lako."

Mavluda anamwetulira pang'ono, nayang'ana kukhomo ngati akuopa kuti wina wamva.

"Ndikudziwa, amayi. Koma pa fomu palibe mzere wolembapo zimenezo."

Anawafotokozera mofatsa kuti chiphaso chimaperekedwa kwa munthu wa pepala la ku koleji. Wopanda pepala atha kulembedwa ngati wothandiza kapena wophika. Ndiye anafunsa, ngati wangokumbukira kumene, kuti kodi mpongozi wawo uja sanaphunzire uphunzitsi? Dzina lingakhale lake, nyumba ndi yawo, ana ndi omwewo. Chisinthe n'chiyani? A Hosiyat anaganiza njira yonse yobwerera, ndipo sanapeze chimene chingasinthe.

Dilafruz poyamba anakana. Koma Ulmas ataimba foni n'kumva za malipiro a mwezi ndi mwezi, anauza mkazi wake kuti asachedwe, mwina iyenso aleke kugona anthu asanu ndi atatu m'chipinda chimodzi kudziko la eni. Dilafruz anasaina.

Oyendera anabwera atatu pa galimoto yoyera: Mavluda, bambo wa zozimitsa moto, ndi mayi wa zaumoyo wonenepa amene ankagwira chilichonse ndi nsonga za zala. A Hosiyat anali ataphika mpunga wa nyama ya nkhosa ndi karoti, ataphikanso buledi wa m'ng'anjo. Alendowo anadya bwino, anayamikira, anapukuta m'manja, kenako anatulutsa tepi yoyezera. Chimbudzi cha kunja sichinali chololedwa. Khola la ng'ombe linali pafupi kwambiri ndi khitchini. Kangalande kamene kankadutsa pakati pa bwalo, momwe ana ankaviika mapazi nthawi yotentha, anati mwana atha kumiramo. A Hosiyat ananena kuti madzi ake safika n'komwe m'kakolo, ndipo zaka zonsezi palibe anamirapo. Mayi wa zaumoyo anayankha osawayang'ana kuti ngozi siitana. Atakweza maso anaona mtengo wa mabulosi, nati zipatso zikamagwa zimaitana ntchentche, ndipo ana amatola pansi n'kudya.

"Amadya ndithu," anatero a Hosiyat. "Ndi mabulosi."

Dilafruz anawagwira mkono kuti akhale chete. Mayi uja analemba.

Ng'ombe inagulitsidwa pa msika wa Lamlungu, ndipo ndiyo inamanga chimbudzi chamadzi cha matailosi oyera ndi timabeseni tosambira m'manja tatifupi. Ngalande anaikwirira ndi simenti. Mtengo anadula amuna awiri a m'mudzi momwemo, onse anakulira pansi pake, ndipo mmodzi sanafune kulandira malipiro. Tsiku limenelo a Hosiyat anapita kukaona mlongo wawo wodwala kumudzi wina, ngakhale kuti sanali wodwala kwenikweni. Ana ankabwerabe masiku onsewo, akusewera pa milu ya mchenga, ndipo iwo ankawasunga monga kale, fumbi la simenti lili m'tsitsi.

Oyendera atabweranso anapeza kuti chitseko chimatsegukira m'kati m'malo motsegukira kunja. Anachizula n'kuchitembenuza. Ulendo wachitatu sanapeze kanthu. Chiphaso chinatuluka mphepo yozizira itangotha, mitengo ikuphukira. Dilafruz anakachitenga yekha, anachiika m'fulemu, ndipo analembetsa chikwangwani chobiriwira cha pa geti chokhala ndi dzina lake lonse ndi la bambo ake. A Hosiyat anaimirira mumsewu akuchiwerenga pang'onopang'ono, milomo ikuyenda. A Tojiniso anasuzumira pa mpanda n'kufunsa ngati eni nyumba atsopanowa akufuna wantchito. A Hosiyat anaseka nawo, poti panthawiyo zinali zoseketsa.

Panatsala kanthu kamodzi kakang'ono. Aliyense wogwira ntchito pa ana ankayenera kukhala ndi kabuku ka kuchipatala kodindidwa. Dilafruz anapita m'mawa, masana anabwera nako. A Hosiyat anapita tsiku lotsatira. Atawajambula m'chifuwa, dokotala wachinyamata anayang'ana chithunzicho nthawi yayitali, nawafunsa ngati anadwalapo chifuwa chachikulu. Anavomera. Zinali zaka zambiri zapitazo, m'nyengo ya njala imene inagwa sukulu ya pa munda ija itangotsekedwa. Anamwa mankhwala miyezi yonse imene anauzidwa, anachira, ndipo chichokereni sanatsokomolepo kuposa munthu wina aliyense. Dokotala anati n'kutheka kuti ndi chipsera chabe, koma iye sangadinde. Apite ku chipatala chachikulu cha m'chigawo akawapime makhololo, ndipo zotsatira zake zimatenga miyezi iwiri, mwina itatu.

Sukulu inatsegulidwa iwo alibe chidindo. Dilafruz anawauza, maso ali pansi, kuti podikira zotsatirazo ndi bwino asamalowe ku zipinda za ana, chifukwa oyendera amabwera osanena. Zipinda za anazo zinali ziwiri zazikulu za kutsogolo, chimodzi mwa izo ndi chimene anagonamo ndi a Norkul zaka makumi atatu. Katundu wawo anamusamutsira ku kachipinda ka kuseri, koyang'ana kumene kunali khola. Malo a wothandiza sakanakhala opanda munthu, ndiye Dilafruz anaitana msuweni wake wa ku tauni, mtsikana wa zikhadabo zazitali, kuti agwirizire kwa kanthawi.

Mudzi sumva ndi khutu limodzi. Pasanathe sabata aliyense ankadziwa kuti a Hosiyat awapeza ndi chifuwa chachikulu. Za chipsera ndi za zaka makumi awiri zinagwera m'njira. Amayi amene iwo anawalera, amene anawabweretsera ana awo ali a miyezi inayi, anayamba kuwapatsa moni ali patali, mpango uli kukamwa. Mmodzi anabweza mbale ya buledi imene anamutumizira, akuti kwawo aphika kale. Wina anafunsa Dilafruz pa geti, mokweza ndithu, ngati makapu a agogo amatsukidwa pamodzi ndi a ana. Dilafruz anayankha kuti ayi, ali ndi awoawo. Zinali zoona, poti anali atawapatulira dzulo lake.

M'kachipinda ka kuseri zonse zinkamveka. Khoma linali la njerwa imodzi. A Hosiyat ankadziwa mwana aliyense ndi kaliridwe kake, wolira njala, wolira tulo, wolira mwano. Ankamva msuweni uja akukalipa kuti khalani chete, ndipo ankamva Dilafruz akuwaimbitsa nyimbo ya m'buku, mawu ake ali ouma ngati akuwerenga chidziwitso. Sananene kuti ana akuzunzika, chifukwa sanali kuzunzika. Ankadya nyama kawiri pa sabata, ankagona pa timabedi tatsopano, anali ndi zidole za pulasitiki zimene iwo sakanatha kugula. Chimenecho ndicho chinkawawa kwambiri. Ntchito inkayenda popanda iwo.

Tsiku lina masana kamnyamata ka chaka chimodzi ndi theka, mdzukulu wa a Tojiniso, kanayamba kulira kulira kwina. Sikanali kukuwa. Kankalira pang'ono, kuleka, n'kuyambanso mofuula ngati kabayidwa. A Hosiyat anamvetsera ola lathunthu atakhala pa mphasa, manja ali pa mawondo. Anamva atsikanawo akukapatsa madzi, akukayendetsa, akukaopseza. Potsiriza anadzuka, anatsegula chitseko chija chotsegukira kunja, nalowa. Ana akuluakulu anawathamangira n'kuwakwera m'miyendo. Iwo ananyamula wolirayo, anamugwira kuseri kwa khutu, mwana anadzidzimuka. Anauza Dilafruz kuti khutu latupa m'kati, aitane mayi ake apite naye kuchipatala lero lomwe. Anafunditsa kansalu pa ketulo n'kukaika pa khutupo, ndipo mwanayo anatsamira pa chifuwa chawo, akusisima, mpaka anagona.

Mayi ake anawapeza ali choncho. Anali mpongozi wa a Tojiniso, mtsikana amene a Hosiyat anamuphikira phala atangobereka. Sananene zikomo. Anakwatula mwana m'manja mwawo mwamphamvu mpaka anadzuka n'kuyambanso kulira.

"Tinagwirizana kuti asamakhudze ana," anatero kwa Dilafruz, ngati a Hosiyat palibe. "Ine ndimalipira pano. Ndikanena ku ofesi, chikwangwani chanucho achizula."

A Hosiyat anabwerera ku kachipinda kawo. Madzulo Dilafruz anabwera ndi tiyi, anakhala pakhomo, nalira. Anati iye sanafune zonsezi, anamukakamiza ndi iwo ndi Ulmas, ndipo tsopano dzina lili pa chiphaso ndi lake, kukachitika kanthu wopita kukhoti ndi iye. Anawapempha, chonde amayi, asalowenso. A Hosiyat anaona kuti mtsikanayo sakunama. Analonjeza. A Tojiniso sanasuzumirenso pa mpanda kwa mwezi wathunthu, ngakhale dokotala anatsimikiza za khutu lija.

Zotsatira zinachedwa kuposa mmene ananenera dokotala, zinabwera thonje litayamba kuyera m'minda. Munalibe kachilombo. Dokotala wachinyamata uja anadinda kabuku mosachedwa, nawauza kuti mapapo awo ndi abwino kuposa ake, poti iye amasuta. Anabwera nako kunyumba atakakulunga m'kampango, nakaika pa tebulo pamaso pa Dilafruz. Mtsikanayo anakatsegula, anakatseka. Anati n'zosangalatsa kwambiri. Koma msuweni wake tsopano analembedwa kale ku ofesi, anasiya ntchito ya m'sitolo chifukwa cha pano, ndipo kumuchotsa kungadanitse mabanja. Kuwonjezera apo makolo ena chidindo sachikhulupirira, awiri ananeneratu kuti agogo akabwerera, ana awo awachotsa. Ulmas pa foni anati amayi apume, agwira ntchito mokwanira, ena amalakalaka ukalamba wotere. Anawatumizira shawelo yaubweya.

A Hosiyat anapitanso ku ofesi ya ku tauni ndi kabuku kawo. Sankadziwa bwinobwino chimene akukapempha. Mavluda anawamvetsera mpaka kumapeto, nati wosankha antchito ndi mwini chiphaso, ofesi silowererapo. Anali ndi pakati pooneka, ndipo ankakhala movutika pa mpando. A Hosiyat atadzuka kuti azipita, iye anawaperekeza mpaka pa khonde, chinthu chimene sanachite ulendo woyamba, ndipo kumeneko analankhula motsitsa mawu. Anati akuyembekezera mwezi wa mawa, mwana wa ukulu amene sanamuyembekezere, ndipo sangakhale pakhomo nthawi yayitali kuopa kuti mpando wake ungapite. Apongozi ake anamwalira, amayi ake maso anafooka. Akufuna munthu wokhala naye m'nyumba.

"Sukulu zovomerezeka zadzaza tauni yonse," anatero a Hosiyat. "Wazidinda wekha."

"Ndazidinda ndekha, n'chifukwa chake ndikupempha inu."

A Hosiyat anafuna kumuuza mawu ambiri, ena oti sakanatha kuwabweza. Anangofunsa ngati m'nyumba mwakemo sipafunika satifiketi. Mavluda anafiira nkhope. Iwo anatsika masitepe n'kukakwera minibasi.

Anakana mumtima mwawo masabata atatu. Ankadzuka, kumwa tiyi m'kapu yawo yopatulidwa, yomwe palibe anakumbukira kuibwezera pa zinzake, n'kukhala akumvetsera khoma. Ana akale anayamba kupita ku sukulu yayikulu, ndipo atsopano sankawadziwa. Tsiku lina akupita kukataya madzi, kamtsikana kena katsopano kanawaona pa kona ya nyumba, kanathawira kwa msuweni uja kakufunsa kuti gogo ameneyu ndi wa kuti. Madzulo ake a Hosiyat anapempha Dilafruz kuti awaimbire foni kwa Mavluda.

Tsopano amakhala ku tauni, m'nyumba ya pamwamba pa zinzake zitatu, yopanda bwalo. Mwana wa Mavluda ndi wamkazi, wonenepa, wosavuta. Amagona naye chipinda chimodzi, amamusambitsa, amamutsitsa masitepe onsewo kamodzi pa tsiku kuti awone dzuwa, mawondo akulira. Mavluda amawalipira bwino ndipo amawatchula amayi, koma alendo a ku ntchito akabwera amawauza kuti ndi azakhali ake ochokera kumudzi. A Hosiyat satsutsa. Amanyamula mwana n'kupita naye kukhitchini.

Kwawo amapita Lamlungu lokha, tsiku limene sukulu imakhala yotseka. Dilafruz amawalandira ngati mlendo wolemekezeka, amawayalira pamalo apamwamba, amawauza kuti ana afika makumi awiri ndipo akuganiza zogumula kachipinda ka kuseri kuti akuze chipinda chodyera, ngati iwo sangadandaule. A Hosiyat anati agumule. Minibasi yomaliza yobwerera ku tauni imanyamuka dzuwa lisanalowe, ndipo iwo amafika pa siteji nthawi idakalipo yambiri.